Mwana wanga amakana kulemba homuweki, ndimutani?

Funso: Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 9. Akangobwera ndi homuweki, panyumba pamakhala nkhondo. Ndikamuuza kuti atenge makope amayamba kusaka pensulo, kenako ludzu, kenako akufuna kupita kuchimbudzi. Akakhala pansi amangoyang'ana kudenga, mwina n'kuyamba kulira. Ntchito ya mphindi 20 imatitengera maola awiri. Ndayesa kumukalipira, kumuletsa kuonera TV, kumulonjeza mphatso, ndipo ndivomere kuti kawiri ndinamukwapula. Masiku ena ndimatopa n'kungomuuza mayankho kuti tikagone. Aphunzitsi ake amati ndi wanzeru koma waulesi. Mlongo wake wa zaka 7 amalemba yekha osauzidwa. Ndimulimbikitse bwanji?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cholemba mosabisa, makamaka za kukwapula ndi za kumuuza mayankho. Makolo ambiri amachita zomwezo koma sazitchula, ndiye malangizo amene amapatsidwa sakhudza pamene pali chilonda. Ndiyambira pa mawu amene aphunzitsi ananena, akuti waulesi, chifukwa ndikuona kuti ndi amene akutsekerezani njira.

Mwana amene mwamufotokozayu amathera maola awiri pa ntchito ya mphindi 20. Waulesi weniweni satero. Waulesi amalemba mwachisawawa, mphindi zisanu watha, n'kuthamangira kosewera. Wanuyo akulolera kutaya madzulo onse, kukalipiridwa, kulandidwa TV, ngakhale kukwapulidwa, bola asayambe. Palibe amene angapirire zonsezo pongofuna kupuma. M'kope limenelo muli chinachake chimene kwa iye n'chowawa kuposa mkwiyo wanu, ndipo tisanakambe zomulimbikitsa tiyenera kudziwa kuti n'chiyani.

Choncho sabata ino musamukankhe, ingomuyang'anitsitsani. Khalani pambali pake ngati munthu wofuna kudziwa, osati ngati woyang'anira mayeso. Mupempheni awerenge funso loyamba mokweza, kenako afotokoze m'mawu akeake kuti funsolo likufuna chiyani. Pa mphindi ziwiri zokha mudziwa zambiri. Ngati akukakamira powerenga, kudumpha mizere, kapena kungolota mawu ataona chilembo choyamba, ndiye kuti homuweki iliyonse, ya phunziro lililonse, imayamba ndi phiri limene anzake saliona. Ngati wawerenga bwino koma sakutha kunena chimene akufunsidwa, vuto lili pa kumvetsa, mwina phunzirolo linamudutsa m'kalasi. Ngati wafotokoza bwinobwino, n'kukupatsani yankho lolondola pakamwa, koma akagwira pensulo n'kuuma gwa, vuto lili pa kulemba. Mwina dzanja limatopa msanga, mwina kupanga zilembo kumamuvuta, mwinanso amachita manyazi ndi mmene zolemba zake zimaonekera. Onaninso ngati nkhondoyi imabuka pa maphunziro onse kapena pa limodzi lokha. Makolo ambiri amandiuza kuti mwana amakana homuweki yonse, koma akamalemba pakapepala zimene zachitika madzulo alionse kwa masiku asanu, amapeza kuti kulira kumachitika tsiku la masamu, kapena tsiku lolemba chimangirizo, masiku enawo kumakhala kung'ung'udza chabe.

Ndinaphunzitsapo mtsikana wina wa zaka 10 amene tonse, kuphatikizapo ine, tinkati ndi wamwano. Masamu ogawa akabwera ankatseka kope, kupinda manja, n'kungoti ndwii. Tsiku lina ndinamupempha kuti achite samu imodzi yokha akunena mokweza chilichonse chimene akuganiza. Kugawako ankakumvetsa. Chimene chinkamugwetsa chinali kuchotsera kobwereka, kumene anzake anaphunzira zaka ziwiri m'mbuyomo iye akudwala. Samu iliyonse yogawa yaitali imakhala ndi kuchotsera kangapo m'kati mwake, choncho ankalakwa zonse ngakhale njira ankaidziwa. Tinabwerera m'mbuyo kwa milungu iwiri, ndipo mwano uja unatha wokha. Mpaka lero zimandipweteka kuti tinamupatsa dzina loipa kwa miyezi yambiri tisanamufunse funso losavuta limenelo.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ngati sakumvetsa bwanji osangonena? Apa ndi pamene mawu ena a aphunzitsi aja, akuti wanzeru, akulowerera. Mu 1998, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, akugwira ntchito pa yunivesite ya Columbia, anapatsa ana a zaka pafupifupi 10 mafunso osavuta kwenikweni. Atamaliza, ena anauzidwa kuti akhoza chifukwa ndi anzeru, ena kuti akhoza chifukwa alimbikira. Kenako onse anapatsidwa mafunso ovuta. Ana oyamikiridwa nzeru aja anafooka msanga, anasiya kuikonda ntchitoyo, ena ananama ponena malikisi amene anapeza, ndipo atabwerera ku mafunso osavuta anakhoza zochepa kuposa poyamba. Oyamikiridwa khama anapitiriza kulimbana nawo mafunsowo, ndipo pamapeto anakhoza zambiri kuposa poyamba.

Mwana amene wamva kuti ndi wanzeru amakhala ndi chinthu choti ateteze. Akayesa n'kulephera, dzina lija lapita. Akapanda kuyesa, dzina lilipobe: ndi wanzeru, kungoti waulesi. Kwa mwana wa zaka 9, kutchedwa waulesi n'kopepuka kwambiri kuposa kutchedwa mbuli, ndipo akuluakulufe tamupatsa tokha pobisala. Mawu awiri onsewa muwasiye. Mukafuna kumuyamikira, tchulani chimene wachita chimene mwachiona ndi maso anu: "Samu iyi unalakwa, wafufuta, wayambiranso wekha." "Lero wayamba ndisanakukumbutse kachiwiri." Musamuyamikire pa zimene sanachite, ana amazindikira msanga mawu ongowanyengerera.

Pali zina zimene diso la kholo lokha silingathe kuzitsimikiza. Ngati amayandikitsa kope kumaso, kutsinzina poyang'ana patali, kapena kudandaula mutu akawerenga, akapimidwe maso. Mwana amene saona bwino pabolodi amakopera mafunso olakwika, n'kufika kunyumba ndi homuweki yosamveka. Makutu nawonso apimidwe ngati amakonda kufunsa kuti "mwati bwanji?" Ngati pa zaka 9 kuwerenga kukumuvutabe kwambiri chonsecho polankhula ndi wochenjera, funsani za vuto la kuwerenga lotchedwa dyslexia. Ngati kusakhazikika, kuiwala ndi kutaya zinthu kumaoneka paliponse, kusukulu, panyumba, ngakhale posewera ndi anzake, funsani dokotala za vuto la kusakhazikika maganizo lotchedwa ADHD. Madokotala amayang'ana ngati zizindikirozo zikuoneka m'malo awiri kapena kuposerapo komanso ngati zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12. Mwana amene amabalalika pa homuweki pokha, kwina konse ali bwinobwino, nthawi zambiri vuto lake silikhala limeneli.

Tsopano ndikufuna ndikuchepetseni mantha, chifukwa ndikukhulupirira kuti mantha ndi amene amakukwiyitsani. Mukamuona akuyang'ana kudenga, mumaona mayeso a m'tsogolo, ntchito imene sadzaipeza, moyo wonse ukuwonongeka pa tebulo limenelo. Harris Cooper, katswiri wa ku America amene wafufuza nkhani ya homuweki kwa zaka zambiri, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mu 1989, kenako mu 2006 pamodzi ndi anzake. Anapeza kuti kwa ophunzira a kusekondale, amene amalemba homuweki amakhozadi bwino kuposa anzawo. Koma kwa ana a makalasi oyambirira a pulayimale, mgwirizano wa pakati pa kuchuluka kwa homuweki ndi kukhoza m'kalasi ndi wochepa kwambiri. Iye ndi mabungwe a makolo ndi a aphunzitsi a m'dzikolo amalimbikitsa muyeso wosavuta kukumbukira: mphindi 10 pa kalasi iliyonse. Wa kalasi yoyamba mphindi 10, wa yachiwiri 20, wa yachinayi 40, maphunziro onse pamodzi.

Sindikunena kuti homuweki ya mwana wanu ilibe ntchito. Pa msinkhu uwu imamuzoloweza kukhala pansi n'kugwira ntchito yake payekha, komanso imaonetsa aphunzitsi chimene chamveka ndi chimene sichinamveke. Koma maola awiri a misozi sapereka chilichonse mwa ziwirizi. Chimene akuphunzira madzulo oterowo ndi chakuti kope ndi chinthu chimene chimasandutsa amayi ake kukhala munthu woopsa. Phunziro limenelo ndi limene ndimaliopa, chifukwa akadzafika kusekondale, kumene homuweki imathandizadi, adzakhala atadana nayo kale.

Ndiye ikani malire a nthawi. Mphindi 40 zikakwana, makope atsekedwe, kaya wamaliza kaya sanamalize. Lembani mawu ochepa m'munsi mwa ntchitoyo: wagwira mphindi 40, wafika pa nambala 6, nambala 4 sanaimvetse. Mwina mukuganiza kuti azingokhala duu kudikira kuti nthawi ithe. Masiku oyambirira akhoza kuterodi, ndipo ndibwereranso pa mfundo imeneyi. Koma ana ambiri amavomera kuyamba akadziwa kuti chinthucho chili ndi pothera. Ntchito imene ilibe mapeto imafooketsa ngakhale munthu wamkulu.

Za kukwapula ndinena mwachidule komanso mosapita m'mbali: musachitenso. Ndikudziwa kuti munachita mutatopa, osati chifukwa chomuda. Mu 2016, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaunika kafukufuku wa zaka pafupifupi 50 wokhudza ana opitirira 160,000, ndipo sanapeze umboni woti kukwapula kumakonza khalidwe la mwana. Anapeza kuti kumayendera limodzi ndi ukali, kuvutika maganizo, ndi kusamvana pakati pa mwana ndi kholo. Pa nkhani ya kuphunzira palinso chifukwa china. Munthu akamachita samu, amasunga manambala angapo m'mutu kwa kanthawi kwinaku akuwagwiritsa ntchito, ndipo malo osungirawo ndi ochepa kwambiri. Mantha amadzaza malo amenewa. Mwana amene akuyang'ana dzanja lanu kuti liti limutsikire, m'mutu mwake mulibenso malo osungira manambala amene akuwerengera. Kukalipa kumachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake amalakwa funso limene dzulo analikhoza, inu n'kuganiza kuti akuchitira dala.

Mphatso ndi nkhani yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa sikuti ndi yoipa nthawi zonse. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anachita kafukufuku pa sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford. Anasankha ana amene ankakonda kale kujambula ndi zolembera zamitundumitundu. Ena anawalonjeza satifiketi yokhala ndi riboni akajambula, ena anawapatsa satifiketiyo mosayembekezera atamaliza, ena sanawapatse kanthu. Patapita sabata imodzi kapena masabata awiri, zolembera zija zinaikidwanso m'kalasi popanda mphatso iliyonse. Ana amene analonjezedwa mphatso aja anajambula kwa nthawi yochepa, pafupifupi theka la nthawi imene anzawo anajambula. Amene analandira mosayembekezera chidwi chawo sichinatsike. Lonjezo ndi limene linasandutsa masewera kukhala ganyu.

Ana amenewo ankaikonda kale ntchitoyo, pamene wanu saikonda, ndiye kamphatso kakang'ono kakhoza kumuthandiza kuyamba kwa masiku ochepa. Vuto ndi lakuti mtengo umakwera. Lero wavomera kanthu kakang'ono, mwezi wamawa akufunsa kuti "mundipatsa chiyani?" asanatsegule kope, ndipo tsiku limene mulibe chomupatsa palibenso cholemba. Chimene chimagwira ntchito kwa nthawi yaitali ndi kasanjidwe ka tsiku. Katswiri wina wa maganizo, David Premack, anafotokoza mu 1959 kuti chinthu chimene munthu amachikonda chimalimbikitsa chimene sachikonda ngati chikubwera pambuyo pake. TV ija musailande, ingoiikani kumbuyo kwa homuweki tsiku lililonse, ngati mmene madzulo amabwerera pambuyo pa masana. Mvetserani kusiyana kwa mawu awa: "Ukapanda kulemba suonera," ndi "Tikatseka makope, uonera." Oyambawo ndi oopseza, ndipo mwana amafuna kuyesa ngati mukunenadi zoona. Achiwiriwo akungonena mmene tsiku limayendera. Akazengereza, nthawi yake yoonera ikuchepa yokha, inu osakweza mawu.

Tibwere ku masiku amene mumamuuza mayankho. Apa pamaonongeka zinthu ziwiri. Aphunzitsi akachonga n'kupeza zonse zili bwino, amaganiza kuti phunziro lamveka, n'kupita patsogolo, mwana n'kutsalira kwambiri. Ndipo mwanayo amaphunzira kuti akapirira kulira mpaka usiku, mayankho amabwera okha. Simunafune kumuphunzitsa zimenezo, koma kwa iye njirayi yakhala ikugwira ntchito, nanga aisiyirenji? Kope lokhala ndi zolakwa zake zenizeni ndi lothandiza kuposa loyera lolembedwa ndi nzeru zanu.

Kuthandiza kwabwino ndi kumugwira pang'ono pamene akupepera n'kumusiya akangoima. Akati "sindikudziwa", mufunseni kuti, "Ndi pati pamene wayamba kusokonezeka?" kapena "M'kalasi aphunzitsi anayamba bwanji?" Muuzeni atsegule chitsanzo chimene analemba kusukulu. Ngati zikukanikabe, chitani limodzi samu ina yofanana nayo papepala lapadera, yokhala ndi manambala ena, kenako ya m'kopeyo achite yekha. Pensulo ikhale m'dzanja lake nthawi zonse. Mukafunsa funso, dikirani. Akuluakulufe timathamangira kuyankha tokha pakangopita masekondi awiri, chonsecho mwana amafunika nthawi yotalikirapo kuti ayale maganizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati njira imene inu munaphunzira ikusiyana ndi ya aphunzitsi ake, tsatirani ya aphunzitsiwo, kuti asasenze njira ziwiri pamene imodzi yomwe ikumulemera.

Ngati inuyo masamu ankakuvutani kapena mumawaopa, samalani ndi zimene mumanena pambali pake. Mu 2015, Erin Maloney, Sian Beilock ndi anzawo a pa yunivesite ya Chicago anatsatira ana a kalasi yoyamba ndi yachiwiri kwa chaka chonse cha sukulu. Ana amene makolo awo amaopa masamu, ndipo ankawathandiza homuweki ya masamu pafupipafupi, anaphunzira zochepa ndipo nawonso anayamba kuwaopa. Pamene makolo oterowo sankathandiza kawirikawiri, zimenezi sizinaoneke. Mawu ngati "nanenso masamu ankandikanika, ndi za kumtundu" amamveka ngati otonthoza, koma amauza mwana kuti chitseko chinatsekedwa asanabadwe. Ndi bwino kunena kuti, "Iyi nanenso sindikuidziwa, ika chizindikiro ukafunse mawa." Kufunsa ndi luso limene mwana amaphunzira poona wamkulu akufunsa mopanda manyazi.

Edward Deci ndi Richard Ryan anatha zaka zambiri pa yunivesite ya Rochester akufufuza chimene chimachititsa munthu kugwira ntchito ndi mtima wake. Iwo amati pamafunika zinthu zitatu: munthu azimva kuti angathe, azimva kuti ali ndi chonena pa zimene akuchita, komanso azimva kuti ali pafupi ndi anthu omukonda. Ndikayang'ana madzulo a mwana wanu, zonse zitatu palibe. Za kutha takamba kale. Za kukhala ndi chonena, kumbukirani kuti tsiku lonse wakhala akuuzidwa pokhala, polankhula ndi potuluka. Akafika kunyumba n'kupeza lamulo lina, kukana ndi mphamvu yokhayo imene wasiyiridwa. Mu 2010, Erika Patall ndi anzake anapatsa ophunzira a kusekondale mwayi wosankha pakati pa homuweki ziwiri zofanana kulemera kwake. Pa nthawi imene ankasankha okha, ophunzirawo ankaikonda kwambiri ntchitoyo ndipo anakhoza bwino mayeso a mutu umenewo. Inu simungasinthe ntchito imene aphunzitsi apereka, ndipo zoti alembe kapena asalembe si zokambirana. Koma zina zonse zozungulira ntchitoyo mungamusiyire: ayambe ndi phunziro liti, akhale patebulo kapena pansi, alembe asanasambe kapena atasamba, apume atamaliza mafunso atatu kapena asanu. Akasankha, lemekezani chisankho chake ngakhale inu mukanasankha china.

Nthawi ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo muigwirizane naye. Asayambe atangolowa pakhomo. Adye kaye, athamange, apume, koma isafikenso nthawi imene tulo tayamba kumugwira. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine limati ana a zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku. Homuweki imene ikudya nthawi yogona ikuononga kuphunzira kwa mawa. Pensulo, labala, chosongolera ndi rula zikhale m'kabokosi kamodzi pamalo amodzi. Amwe madzi ndi kupita kuchimbudzi asanakhale pansi, ndipo maulendo aja atha opanda mkangano. TV ikhale yozimitsa kwa aliyense pa nthawiyo, foni yanunso ikhale patali.

Chovuta kwambiri ndi kuyamba. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kukonza zochita, kuyamba ntchito yosasangalatsa ndi kudziletsa, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mwana wa zaka 9 akaona tsamba lodzaza mafunso 15, amaona chinthu chimodzi chachikulu chopanda pogwira. Phimbani tsambalo ndi pepala, pangooneka funso limodzi. Muuzeni kuti, "Tichite ili lokha, kenako tione." Kapena tcherani wotchi mphindi 10, akagwira mpaka italira aimirire, adziongole, azungulire kamodzi, abwerere. Ayambe ndi funso limene akulidziwa kuti alawe kukhoza msanga. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Inu khalani pafupi ndi ntchito yanuyanu, kaya kuwerenga kaya kulemba zina, osati kusuzumira chilembo chilichonse chimene akulemba. Ana ambiri amakhazikika akangodziwa kuti pali wamkulu pafupi amene nayenso ali pa ntchito. Pakapita masiku muzitalikira: lero pambali pake, sabata yamawa mbali ina ya chipinda, kenako kumangobwera kudzaona akamaliza gawo.

Zonsezi musaziyambe mwadzidzidzi pa nthawi ya homuweki. Pezani tsiku lopanda sukulu, muli awiri, mitima ili m'malo. Muuzeni zoona: "Madzulo athu sakuyenda bwino. Ndakhala ndikukukalipira, ndinakumenyanso, ndipo ndinalakwa. Pepa mwanangu. Ndikufuna tipeze njira ina. Chimakuvuta kwambiri n'chiyani ukatsegula kope?" Kenako khalani chete. Akhoza kungoti "kaya". Musamuumirize, funso lalowa, ndipo yankho limabwera mwina patapita masiku, pa nthawi imene simukuliyembekezera. Makolo ena amaopa kuti kupepesa mwana kumachotsa ulemu. Zimene ndaona ine n'zakuti mwana amene wapepesedwa amayamba kunena zimene ankabisa, ndipo mawu akuti "sindikumvetsa" amatuluka mosavuta kwa kholo limene nalonso lavomera kuti linalakwa.

Za mlongo wake, musamutchule n'komwe pa nkhaniyi. Ntchito ya mwana wa zaka 7 ndi yopepuka, ndipo ana a mimba imodzi sabadwa ndi mutu umodzi. "Taona mlongo wako" sikunapangitsepo mwana aliyense kukonda kope, kumangomupangitsa kudana ndi mlongo wakeyo. Ngati mtsikanayo amamaliza msanga n'kumasewera pamaso pa mchimwene wake, asiyanitseni malo, kapena apitirize kujambula ndi kuwerenga mwakachetechete mpaka nthawi itakwana.

Ndinalonjeza kubwerera ku funso lakuti, bwanji akangokhala osalemba mpaka mphindi 40 zitatha? Msiyeni apite kusukulu ndi ntchito yosamaliza. Ndikudziwa kuti izi n'zovuta, chifukwa mumaona ngati manyaziwo ndi anu. Koma homuweki ndi pangano la pakati pa iye ndi aphunzitsi ake, ndipo panopa mwalisenza ndinu. Pamene inu mukuda nkhawa mokwanira anthu awiri, iye alibe chifukwa chodera nkhawa. Kuti zimenezi ziyende bwino, muyenera kuonana ndi aphunzitsiwo kaye, chifukwa sitikufuna kuti akalangidwe mwankhanza kapena kuchititsidwa manyazi pamaso pa anzake. Gwirizanani chimene chidzachitike akabwera ndi ntchito yosatha, monga kuimaliza pa nthawi ina kusukulu konko, modekha.

Yembekezerani kuti masiku oyambirira zinthu zikhoza kuipiraipira. Kulira kumene kale kunkabweretsa mayankho kukasiya kugwira ntchito, mwana amayamba walira kwambiri kuti aone ngati zasinthadi. Mukagonja pa tsiku lachitatu, mwamuphunzitsa kuti azilira mokweza kuposa kale. Khalani odekha, nenani mawu omwewo mofatsa, "Ndili pompano ukafuna thandizo," ndipo nthawi ikakwana tsekani makope popanda ulaliki. Pambuyo pake chezani naye za zina, sekani naye, muwerengereni nthano pogona ngati amakonda. Asamaone ngati chikondi chanu chimadalira nambala imene wafika. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita milungu ingapo, ndipo chizindikiro choyamba sichikhala malikisi. Mudzangoona kuti wakhala pansi mutamuuza kamodzi, kapena wanena yekha kuti funso lakuti lamuvuta.

Ngati papita mwezi mukuchita zimenezi mokhulupirika koma palibe kusintha, kapena ngati ayamba kudandaula m'mimba ndi mutu m'mawa uliwonse wa sukulu, kukana kupita kusukulu kumene, kusowa tulo, kapena kunena mawu odzinyoza ngati "ndine chitsiru", nkhaniyi yapitirira homuweki. Fufuzani ngati akuvutitsidwa ndi anzake kapena akuopa munthu wina kusukuluko, ndipo muonane ndi dokotala kapena mlangizi wa ana.

Popita kwa aphunzitsi, tengani kapepala kamene mwalembapo zimene mwaona m'masiku asanu aja: phunziro, nthawi imene zinatenga, ndi pamene anakakamira. Musapite ngati wokadandaula, pitani ngati munthu amene wabweretsa mbali ya nkhani imene iwo saiona. Afunseni kuti ntchitoyi amayembekezera kuti itenge mphindi zingati, ngati m'kalasi amamaliza zolemba pamodzi ndi anzake, amakhala pati ndipo amaona bwino pabolodi kapena ayi, komanso ngati angalole kuti kwa milungu ingapo azilemba theka la mafunso, asanu olembedwa ndi iye mwini m'malo mwa khumi. Muwapemphenso kuti akhale naye mphindi zochepa payekha, achite samu imodzi kapena awerenge ndime imodzi akunena mokweza zimene akuganiza, ngati mmene ndinachitira ndi mtsikana uja.